Funsani Mmisiri: Khosi la gitala yamagetsi, ndimate kapena ndimange?

FUNSO

Zikomo a mmisiri. Ndine mnyamata wa ku Area 25 mu Lilongwe, ndimaimba gitala ya lidi m'kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu. Gitala imene ndimaimba ndi ya mpingo, ndiye chaka chino ndinaganiza zopanga yangayanga. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg ananditumizira pa basi khosi latsopano la gitala ya mtundu wa Stratocaster, la mafreti (tizitsulo topingasa pa khosi) 22, pamodzi ndi bridge (chitsulo chogwira nsambo pa thupi), ma pickup (tizipangizo totola kulira kwa nsambo) atatu, kapuleti kachitsulo kakumbuyo ndi masikuluwu anayi. Thupi tasema ndi akalipentala oyandikana nafe, thabwa lake ndi mbawa. Mphako yolowamo khosi tagoba kale, koma khosi likalowa limagwedera pang'ono, ndipo mbali imodzi pamatsala mpata woti khadi la mayunitsi limalowa. Kuchidendene kwa khosi, kumapeto kumene kumalowa m'mphako, kulibe mabowo, bridge nayonso sitinaike. Akalipentala akuti tingothira guluu wa matabwa, tipane ndi kilampu usiku umodzi, nkhani ithe. Mnzanga wina akuti ndingoboola basi. Khosi ndi limodzi lomweli, ndipo ndalama yake achimwene anaikhetsera thukuta. Ndichite bwanji?

YANKHO

Mphwanga, mwachita bwino kufunsa dirilo isanakhudze thabwa. M'kalata yanu muli mawu awiri amene andisangalatsa: khosi lilibe mabowo, bridge simunaike. Ndiye kuti palibe chimene chawonongeka. Ambiri amene amabwera ndi magitala pa benchi panga amabwera ataboola kale, ndipo ntchito yanga imakhala yotseka mabowo a eni ake.

Tiyambe ndi guluu. Akalipentala anu asakhumudwe, pa mipando ndi zitseko akunena zoona, koma khosi ili musalimate. Magitala a khosi lomata alipo ndipo ndi abwino. Gibson Les Paul, imene inatuluka mu 1952, khosi lake ndi lomata. Koma khosi limenelo amalisema ndi lilime lolowa mkati mwa thupi, monga mmene akalipentala amalumikizira felemu ya chitseko, thabwa losapaka kanthu kukumana ndi linzake losapaka kanthu. Lanulo silinapangidwe choncho. Chidendene chake ndi chachifupi, chosalala, ndipo kawirikawiri chimabwera chopaka kale vanishi. Guluu wa matabwa sagwira pa vanishi. Ngakhale atagwira, mukadzaona mawa kuti khosi lapendekeka, mudzalichotsa ndi chiyani?

Leo Fender, amene anabweretsa khosi la masikuluwu anayi pa magitala ake, anali wokonza mawailesi ku Fullerton, ku California, ndipo gitala sankaimba n'komwe. Maganizo ake anali a munthu wokonza zinthu: chimene chatha chimasulidwe, chilowe china. Ndi mmene anapangira gitala ya mu 1950 imene inadzatchedwa Telecaster, ndi mmenenso anapangira Stratocaster mu 1954. Ine ndimaona kuti kwa ife kuno, kumene khosi labwino limachita kukwera basi masiku awiri kuti likupezeni, nzeru imeneyi ndi yothandiza kwambiri. Thupi likadzakukanikani, mudzamasula khosi n'kusema thupi lina. Tikanena za khosi lodutsa thupi lonse, monga la Gibson Firebird ya mu 1963, amisiri athu a banjo ya chitini akhala akuchita zimenezo kuyambira kale, mtengo umodzi kuboola chitini n'kutulukira kumbuyo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mnzanu amene akuti mungoboola nayenso sakunama, koma wafulumira. Kuboola ndi ntchito yomaliza. Chimene ndikufuna mugwire m'mutu ndi ichi: khosi saliika ndi maso, ndipo mphako si imene imalamula malo ake. Zimene zimalamula ndi nsambo. Nsambo zimafuna zinthu zitatu, utali wake ukwane, ziyende pakati pa khosi osagwera m'mbali, ndipo zikhale pa msinkhu woyenera pamwamba pa mafreti. Zitatuzi mukazitsimikiza khosi lili chopanidwa ndi kilampu, pamenepo ndiye mutenge dirilo.

Choyamba tengani rula yachitsulo, osati tepi ya telala, muyeze kuchokera pa nut, kafupa kamene nsambo zimadutsapo kumutu kuja, mbali yake yoyang'ana mafreti, kufika pakati penipeni pa freti ya 12. Ngati khosi lanu ndi la muyezo wa Fender mupeza mamilimita 324. Kuwirikiza kawiri ndi 648, ndiwo utali wa nsambo kuchokera pa nut kufika pa bridge. Mukapeza 314, khosilo ndi la muyezo wa Gibson, wa mamilimita 629. Nambala imene mwapezayo ilembeni ndi pensulo pakhoma la shopu, chifukwa ndi imene idzakuuzeni malo a bridge. Freti ya 12 iyenera kukhala pa theka la nsambo. Ikapanda kutero, gitala imamveka bwino mukaiimba kumutu, koma mukakwera m'mwamba, kumene inu a lidi mumakonda kusewera, imayamba kutsutsana ndi kiyibodi, ndipo mungatchune tsiku lonse osaigwira.

Tsopano mphako. Pa Stratocaster chidendene cha khosi chimakhala mamilimita pafupifupi 56 m'lifupi, mphako imazama mamilimita 16, ndipo m'litali ndi pafupifupi 76. Kumapeto kwa chidendene ndi kozungulira pang'ono, pamene cha Telecaster ndi cha makona. Makosi ambiri otengera Fender amasiyana ndi manambala amenewa ndi milimita imodzi kapena theka, choncho khulupirirani khosi limene lili m'manja mwanu kuposa zimene ndalemba pano.

Mpata wa khadi la mayunitsi umene ukukusowetsani tulo si vuto lalikulu. Magitala ambiri ochokera ku fakitale ali nawo ndipo akuimba. Chimene chimandidetsa nkhawa ine mukandiuza kuti mphako mwagoba ndi manja si makoma ake, ndi pansi pake. Pansi pamenepo ndi pamene khosi limagona, ndipo payenera kukhala posalala ngati galasi. Chitani ichi: pakani choko pansi pa chidendene chonse, lowetsani khosi, kanikizani ndi chikhatho, n'kulichotsa mosamala. Yang'anani m'mphako. Choko chikadinda paliponse, muli bwino. Chikadinda pakati pokha kapena pa ngodya ziwiri, pamenepo pali chitunda, ndipo khosi lidzagwedera pa chitundacho ngakhale mumange masikuluwu mpaka dzanja kuwawa. Matani sandipepa pa kathabwa kosalala kolowa m'mphako, mupale pamene padinda choko pokha, muyesenso. Zimatenga nthawi. Ine ndimabwereza kasanu, nthawi zina kakhumi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'ngodya muchotsemo tizinyalala tonse, chifukwa kachidutswa kautuchi kouma ndi guluu kangathe kunyamula khosi lonse. Ndipo musapale chidendene cha khosi kuti chikwane m'mphako. Palani thupi, limene thabwa lake mungalipeze kwa a matabwa ku msika.

Mpata wa m'mbaliwo, ngati ukukunyansani m'maso, mudzamate kathabwa kopyapyala ka mbawa yomweyo pa khoma la mphako, koma dikirani kaye mudziwe kuti kakufunika mbali iti. Pakali pano kugwederako ndi bwenzi lanu, chifukwa ndi kumene kukupatseni danga lowongolera khosi. Ena amanyadira mphako yothina moti amanyamula thupi lonse pogwira khosi popanda sikuluwu ngakhale imodzi. N'zokongola kuona, koma kumbukirani kuti penti sinalowe, komanso kuti thabwa limapuma. Limene lauma gwa mu Okutobala limafufuma mvula ikakhazikika mu Januwale. Mphako yothina kwambiri ndi imene imabala ming'alu ya penti m'ngodya zake. Khosi lilowe ndi dzanja lokha, popanda hamala. Pa mbawa yanuyo, funsani akalipentala kuti inachekedwa liti. Ngati ikadali ndi madzi, iikeni m'nyumba mouma milungu ingapo pamodzi ndi khosi musanapitirize. Mbawa ndi thabwa labwino la gitala, achibale ake a mtundu wa Khaya ndi amene mafakitale akunja amagula pansi pa dzina la African mahogany, koma yaiwisi imapotoka.

Pansi pakasalala, panani khosi m'mphako ndi kilampu imodzi. Pa mafreti ikanipo kathabwa kofewa ndi kansalu kopinda, kumbuyo kwa thupi kathabwa kena, kuti chitsulo chisadinde. Musathinitse kwambiri, khosi lizitha kusuntha mukalikankha ndi mphamvu pang'ono. Pa thupi, matani tepi ya mapepala kuchokera pa mphako kufika kumatako, ndipo mujambulepo mzere wapakati wa thupi. Kenako tengani rula yayitali yowongoka, muigoneke m'mbali mwa khosi kuchokera kumutu, ipitirire mpaka pamene padzakhale bridge, mulembe mzere. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Mizere iwiriyi imatalikirana ikamapita kumbuyo, chifukwa khosi ndi lopapatiza ku nut, mamilimita 42 kapena 43, n'kumakula kupita kuchidendene. Yezani pakati pa mizere iwiriyo. Pakatipo payenera kugwera pa mzere wapakati wa thupi. Pakapanda kugwerapo, kankhani mutu wa khosi pang'ono, mujambulenso.

Apa ndi pamene anthu amapeputsa. Khosi likapotoka milimita imodzi yokha mkati mwa mphako, pofika pa bridge kupotokako kwakula pafupifupi katatu. Tsono nsambo zakunja ziwiri zija zimayenda mamilimita atatu kapena anayi okha kuchokera m'mphepete mwa khosi. Mukuona kuti malo osewerera palibe. Ndi chifukwa chake mumapeza gitala imene nsambo yaing'ono ya E imagwera kunja mukangoikoka pang'ono pa freti ya 15, pamene mbali ya nsambo yaikulu kwatsala bwalo.

Khosi lili chopanidwa choncho, yesaninso msinkhu. Chidendene cha Stratocaster chimakhala mamilimita pafupifupi 25 kuchindikala, ndiye chikalowa m'mphako ya 16, pamwamba pa thupi pamatsala 9 kapena 10. Gonekani rula yanu pamwamba pa mafreti, pakati pa khosi, ipitirire kufika pa malo a bridge. Ikani bridge pamenepo osaimanga. Rula iyenera kufika pa ma saddle, tizitsulo tisanu ndi kamodzi timene nsambo zimatsamirapo, titatsitsidwa chakumunsi, kuti mukamadzatikweza mudzakhale ndi danga. Rula ikadutsa m'mwamba kwambiri osatikhudza ngakhale mutatikweza mpaka pamapeto, mphako ndi yosazama. Ikagunda m'munsi mwa ma saddle otsitsidwa kale, mphako yazama kwambiri kapena khosi lawerama kutsogolo. Bridge ya Stratocaster ndi yaifupi, choncho khosi limagona chathyathyathya ndi thupi. Amene akugwiritsa ntchito bridge yaitali ya mtundu wa Tune-o-matic ayenera kupendeketsa khosi chakumbuyo, ndipo pa Les Paul kupendekekako kumakhala pakati pa madigiri 3 ndi 5. Inu zimenezo sizikukukhudzani.

Tsopano mabowo, ndipo pano werengani kawiri. Mabowo a m'thupi ndi a m'khosi si ofanana kukula. Masikuluwu a khosi nthawi zambiri amakhala mamilimita pafupifupi 4 kunenepa ndi 45 kutalika. M'thupi boolani ndi biti ya 4.5 kapena 5, kuti sikuluwu izingodutsa yokha popanda kuluma thabwa. Ntchito ya sikuluwu ndi kuluma khosi lokha n'kulikokera ku thupi. Ikaluma mbali zonse ziwiri, imalimba khosi lisanagone pansi, ndipo pamatsala kampata kosaoneka kamene inu mumaganiza kuti mwamanga. Kapuleti kachitsulo kaja ndi kamene kakuonetseni malo a mabowo anayiwo. Kaikeni m'mphako pakati bwino, lembani, boolani kaye ndi biti yaing'ono, ndipo kumbuyo mutsamiritse thabwa lotayika kuti biti potuluka isang'ambe mbawa. Ngati pafupi pali shopu imene ili ndi dirilo yoimirira pa tebulo, lipirani kangachepe akubooleni mowongoka.

Mabowo a m'thupi akatha, bwezerani khosi, panani, muyezenso mizere ija kuyambira pachiyambi. Mukakhutira, thinitsani kilampu, tengani biti yomwe munaboolera thupi, muilowetse m'bowo lililonse ndi dzanja n'kuipotokola pang'ono kuti nsonga yake idinde kadontho pa chidendene. Chotsani khosi. Pa timadontho tinayito boolani ndi biti ya mamilimita 3. Thabwa la maple limene amapangira makosi ambiri ndi lolimba kwambiri, bowo likachepa sikuluwu imadukira mkati kapena chidendene chimang'aluka.

Kuya kwa mabowo amenewa ndi kumene ine ndinaphunzira ndi misozi. Ndili mnyamata pa ntchitoyi, anandibweretsera khosi latsopano kuti ndiike pa thupi lopangidwa kuno. Mwini wake anali atasunga ndalama miyezi yambiri pogulitsa zitumbuwa ndi mayi ake. Ndinayeza zonse bwinobwino, khosi linawongoka, ndinaboola, n'kuyamba kumanga masikuluwu a m'paketi. Pomanga yachitatu, chala changa chachikulu chinali pamwamba pa mafreti akumapeto chikugwira khosi, ndipo ndinamva kanthu kakutukumuka pansi pa chalacho ngati kachiphuphu. Nditatembenuza ndinaona thabwa latupa, pakati pake kansonga kachitsulo kakunyezimira. Thupi lija linali lopyapyala kuposa la ku fakitale, ndipo ine sindinaliyeze. Ndinakonza mmene ndikanathera, koma chipsera chinatsala, ndipo nkhope ya mnyamata uja poona gitala yake sindinaiiwale mpaka lero.

Masamu ake ndi apafupi. Thupi la Stratocaster ndi mamilimita pafupifupi 45 kuchindikala. Chotsanipo 16 a mphako, atsala 29. Onjezani 2 a kapuleti, 31. Sikuluwu ya 45 ilowa m'khosi 14 okha, ndipo chidendene cha 25 chili ndi malo okwanira. Koma matabwa athu akadutsa pa puleni nthawi zambiri amatsika. Thupi lanu likakhala 38, sikuluwu yomweyo ilowa 21, ndipo m'mbali mwa khosi, momwe mumakhala masikuluwu, thabwa ndi lopyapyalako chifukwa pamwamba pa khosi ndi pobulungira. Choncho musanamange, lowetsani sikuluwu m'thupi ndi kapuleti kake khosi palibe, muyeze mmene yatulukira m'mphako, muiyerekeze ndi mbali ya chidendene. Patsale mamilimita osachepera 6. Ikatalika, iduleni kapena mupeze yaifupi. Pa biti yanu kulungani tepi pa muyezo womwewo, tepi ikakhudza thabwa muime.

Pomanga, pakani kandulo pa mano a sikuluwu. Sopo amateretsa naye, koma amakoka chinyezi n'kuchititsa dzimbiri. Mangani ndi dzanja, dirilo ikhale pansi. Yambani zonse zinayi pang'onopang'ono, kenako muzithinitsa modumphitsa, ya ngodya iyi kenako ya ngodya yopingasana nayo, monga mmene amamangira tayala la galimoto. Zikalimba muime. Mukaona kapuleti kakupindika kapena kakumira m'thabwa, mwapyola.

Khosi likamangika, ndiye nthawi ya bridge, ndipo apa ndi pamene mwayi wanu uli, chifukwa bridge itsatira khosi. Yezani mamilimita 324, kapena nambala imene munalemba pakhoma ija, kuchokera pakati pa freti ya 12, mujambule mzere wopingasa. Saddle ya nsambo yaing'ono ya E muisunthire kutsogolo, pafupi ndi mapeto a ulendo wake, ndipo nsonga yake igwere pa mzerewo. Chifukwa chake n'chakuti potchuna bwino, ma saddle onse amabwerera kumbuyo, yaing'ono pang'ono chabe, ya nsambo yaikulu mamilimita angapo. Musanaboole, mangani ulusi wa mbedza pa zokungira ziwiri zakunja, muudutsitse pa nut, muukoke kufika pa saddle yoyamba ndi yomaliza, mnzanu uja akugwirireni bridge. Yang'anani pa freti yomaliza: mpata wa ulusi ndi mphepete mwa khosi ufanane mbali zonse. Yang'ananinso ngati ulusi ukudutsa bwino pa malo a ma pickup. Zikatero, lembani mabowo a bridge.

Pali kanthu kena kakang'ono kochita nsambo zenizeni zikalowa. Mukatchuna gitala, igonekeni chafufumimba pa miyendo yanu, mumasule masikuluwu anayi aja kagawo kakang'ono, kotala ya kuzungulira kumodzi basi. Nthawi zina mumva kuti the! Kumeneko ndi kukoka kwa nsambo, kumene pa seti ya nsambo za saizi 10 mpaka 46 kumafika makilogalamu pafupifupi 45, kukukhazika chidendene kumapeto kwa mphako. Ngati nsambo zapendekera mbali imodzi pang'ono, ino ndiyo nthawi yokankha mutu wa khosi kuti ziwongoke. Gwirani pomwepo, mangani, tchunaninso. Zonsezi muchite thupi lisanapakidwe penti. Iimbeni gitalayo ili yoyera choncho sabata imodzi, kenako mumasule, mutseke pansi pa mphako ndi tepi, mupake. Mukatha mutilembere, ndipo achimwene anu ku Joni muwatumizire kavidiyo amve kulira kwa thukuta lawo.

FUNSO

A mmisiri, ndine mayi wa ku Zomba, ndimaimba gitala ya rhythm m'bandi yoimba m'maukwati. Ndinasinthitsa khosi la gitala yanga, lakale litathyoka mutu pa minibasi. Chiikireni latsopanoli nsambo zakwera kwambiri, zala zimapweteka ndisanamalize nyimbo zitatu. Ma saddle ndatsitsa mpaka agunda pansi koma sizikusintha. Kodi khosili ndi lolakwika?

YANKHO

Mayi, pepani ndi zala. Khosi lingathe kukhala labwinobwino. Yambani mwaona ngati silinapinde ngati uta. Kanikizani nsambo yaikulu pa freti yoyamba ndi chala chimodzi, pa freti yomaliza ndi china, wina akuyang'anireni pa freti ya 8. Mpata wa pakati pa nsambo ndi freti uyenera kukhala wochepa kwambiri. Fender amanena kotala ya milimita pa makosi awo ambiri, kumene ndi ngati kuchindikala kwa kakhadi kapepala. Ukakhala waukulu, thinitsani truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chija, potembenuzira kumanja kotala imodzi, mudikire, muyezenso. Makosi atsopano ambiri amabwera chitsulocho chili chomasuka, ndipo ena vuto lawo limathera pomwepo. Ikakana kutembenuka musaikakamize.

Khosi likakhala lowongoka koma nsambo zikadali kumwamba, ndiye kuti lagona mowerama kutsogolo, ndipo mankhwala ake ndi shim, kachidutswa kopyapyala koika pansi pa chidendene. Masulani nsambo, chotsani khosi, ikani kachidutswako mkati mwa mphako kumapeto kwenikweni, mbali yoyang'ana ma pickup, chopingasa mphako yonse. Kamanyamula chidendene, mutu umapita kumbuyo pang'ono, mafreti amayandikira nsambo. Musadabwe ndi kuchepa kwake. Theka la milimita m'mphako limasanduka milimita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pa bridge, ndiye yambani ndi kakhadi kapepala kolimba kamodzi. Mphira, chikopa kapena chidutswa cha patapata ayi, zimenezo zimafinyika ndipo khosi silikhazikika.

Kakhadi kamagwira ntchito, ndipo m'magitala ambiri akale amene ndatsegula ndapezamo kapepala kotere. Koma kamasiya mpata pansi pa chidendene pamene masikuluwu akukoka. Ine ndimakonda shim ya thabwa yodzaza mphako yonse, yochindikala mbali imodzi n'kumapyapyala mpaka kutha mbali inayo. A StewMac ku America amagulitsa za kotala ya digiri, theka ndi digiri imodzi, koma kalipentala wodekha angakupalireni pa sandipepa ndi kachidutswa ka thabwa lolimba. Vuto limeneli si la magitala otchipa okha. Fender eni ake m'zaka za m'ma 1970 anaika kasikuluwu kopendeketsera khosi kotchedwa Micro-Tilt pa magitala awo a masikuluwu atatu. Ngati pa kapuleti ka gitala yanu pali kabowo kakang'ono koonjezera, muli nako, ndipo shim simukuifuna: masulani masikuluwu pang'ono, tembenuzani kamkatiko, mangani.

Mukabwezera zonse, kwezani ma saddle mpaka mpata wa pakati pa nsambo ndi freti ya 17 ufike mamilimita 1.6. Poti inu mumakwapula makodi mwamphamvu usiku wonse, nsambo zazikulu mungazisiye pa 2 kuti zisamagunde mafreti. Ma pickup muwakwezenso, chifukwa nsambo zidzakhala zatalikira thupi.

FUNSO

Bambo, sikuluwu imodzi ya khosi pa gitala ya mpingo wathu kuno ku Mangochi imangozungulira osalimba. Anzanga akuti tiike yaikulu. Titero?

YANKHO

Ayi achimwene, yaikulu ing'amba chidendene, yaitali itulukira pa mafreti. Mano a thabwa m'bowomo atha, ndiye pafunika thabwa latsopano. Masulani nsambo zonse kaye, kenako chotsani khosi. Kulitsani bowolo ndi biti ya mamilimita 6, tepi ili pa biti monga ndanenera pamwambapa. Semani kamtengo kobulungira ka thabwa lolimba, mlombwa ungachite, kolowa mothina. Pakani guluu wa matabwa, khomerani pang'onopang'ono, musiye tsiku lathunthu. Mawa lake dulani chotsalira, salazani kuti chifanane ndi chidendene, bwezerani khosi ndi masikuluwu atatu abwinowo, dindani malo kudzera m'bowo la thupi, muchotsenso khosi n'kuboola ndi biti ya 3.

Ngati vutoli lakupezani Loweruka madzulo ndipo mawa kuli mapemphero, timitengo tiwiri ta machesi topaka guluu tingakuolotseni Lamulungu limenelo, koma Lolemba mukonze zenizeni. Poti muli kunyanja, yang'ananinso masikuluwu enawo. Akakhala ndi dzimbiri, sinthani onse anayi nthawi imodzi, a muyezo womwewo.